Mabokosi Asanu ndi Limodzi pa Foni ya Mayi Febbie

Foni ya Eneles inamira Lolemba pa mjigo wa ku Glen Norah, kutatsala masiku asanu kuti ankhoswe a Gregório afike. Anawerama kuti asenze chidebe, foni n'kupulumuka m'thumba la bulauzi, chubwi! Amayi a pamzere anamuthandiza kudandaula, ena n'kumulangiza kuti akaikwirire mu mpunga, koma foniyo inali itapita basi. Mtsikana amene ali pachibwenzi angalole kugona ndi njala, osati kugona opanda foni. Choncho anakagwada kwa mayi ake, mayi Febbie, n'kuwabwereka kambudzi kawo, kafoni ka mabatani kamene kanagulidwa iye ali Fomu Wani. Anagwirizana kuti masana kazikhala kunyumba ndi mwini wake, madzulo kazikhala ka Eneles.

Gregório anali mnyamata wa ku Waterfalls, wamtali ndi wofatsa, mwana wa anthu amene anathawa nkhondo ku Tete kalekale. Anamulera ndi azakhali ake, mayi Conceição, ogulitsa zitenje ku Mbare. Mnyamatayo ankalemba mapulogalamu a kompyuta pa kampani ina ku Graniteside, pafupi ndi fakitale imene Eneles ankasokako mayunifomu. Anadziwana mu kombi, minibasi ya kumeneko, ndipo sipanapite miyezi itatu nkhani inali itapsa.

Chimene chinachedwa kupsa ndi bambo a Eneles. Bambo Yoramu Chikuse anabadwira mu Harare momwemo, ku Dedza anangopitako kawiri, koma mwambo ankaugwira kuposa amene sanachokeko kumudzi. Anazengereza chaka chathunthu. Tsiku limene analola, analola ndi chala m'mwamba.

"Abwere Loweruka, teni koloko. Akalephera Loweruka limenelo, asadzavutikenso. Ine sindisesa pabwalo kawiri."

Mawu amenewa Eneles ankagona nawo, n'kudzuka nawo.

* * *

Lachiwiri atabwera kuntchito anapeza kunyumba kuli zii, ngati kwagwa zovuta. Mayi ake anali khale pansi, manja ali m'masaya. Pa tebulo panali mbale, m'mbalemo kambudzi kaja, ndipo kuzungulira kambudziko anali atawazapo mchere.

Pa mpando wabwino panali Courage. Ameneyu ndiye anali minga ya Eneles. Ankayendetsa kagalimoto konyamula anthu pakati pa Mbudzi ndi Mbare, ankaimba kwaya kutchalitchi kwawo, ndipo madzi akasowa m'mipope ankabweretsera mayi Febbie zigubu osawalipiritsa. Eneles anamukana katatu. Koma mwamuna amene wakanidwa ndi mwana n'kukondedwa ndi make sataya mtima msanga.

"Kwagwanji, amayi?" Eneles anafunsa.

"Funsa Mchikunda wako wa ku Tete uja," anatero mayi Febbie osadzutsa mutu. "Werenga wekha. Usakagwire! Ungowerama."

Eneles anawerama. Uthenga unali waufupi: Eneles, Loweruka layandikira. Konzekani nonse. G. Kumapeto kwake kunali timabokosi topanda kanthu m'kati, titandandalika bwinobwino ngati pa shopu ya kalipentala.

"Tawerenga," anatero mayi ake.

"Asanu ndi limodzi."

"Nyumba ino tilimo angati? Ine, bambo ako, iweyo, mchimwene wako Tanaka, mkazi wake, ndi khanda lawo. Ngakhale khanda, Eneles! Lamulakwira chiyani khanda?"

"Amayi, mwina foniyi yangosokonezeka."

"Aiwa, sisi," analowerera Courage ndi mawu ake a kwaya aja. "Foni imasokonezeka, inde. Koma kusokonezeka n'kudziwa kuti pano mukhala anthu sikisi? Ine sindinena zambiri. Anthu a kutsidya kwa malire a Nyamapanda ali ndi zawo, tonse timadziwa."

Eneles anamuyang'ana mpaka Courage anayamba kukonza wotchi ya padzanja. Mnyamata woyenda ndi foni yaikulu ngati thabwa lodulirapo mkate, angalephere kudziwa kuti mafoni akale amachita zachilendo? Koma munthu akapeza nyama m'ndiwo zamasamba safunsa kuti yagwamo bwanji.

Bambo Chikuse anatuluka kuchipinda atanyamula Baibulo ndi magalasi. Iwo za ufiti sankazikonda, anali mkulu wa mpingo. Koma nkhope yawo inali yolemera.

"Ine sindikuti mnyamatayo ndi mfiti," anatero. "Ndikuti bokosi si choseweretsa. Ngati ndi nthabwala, alibe mwambo. Ngati si nthabwala, ndiye n'zoopsa. Zonse ziwiri, Loweruka pano pasafike munthu, pokhapokha wina andimasulire zimenezi ndimve."

"Lachisanu m'mawa ndikupita nako kwa mneneri wa ku masowe, wopempherera kutchire uja," anawonjeza mayi Febbie. "Courage andinyamula. Akakapempherere, kenako akakatenthe."

Eneles analowa kuchipinda n'kukalira mokwiya. Ankamudziwa Gregório, munthu woti nyerere amaidumpha. Komabe timabokosi tija anali atationa ndi maso ake, ndipo tinalidi tisanu ndi kamodzi.

* * *

Lachitatu pa nthawi ya nkhomaliro anamupeza pansi pa mtengo wa jakaranda, pamene ankakonda kudyera chimanga chootcha. Gregório anaimirira akumwetulira mano onse.

"Ene! Dzulo sunandiyankhe. Sunaione mitima yanga?"

"Mitima yanji? Watumiza mabokosi a maliro pa foni ya amayi anga."

Gregório anaseka mpaka kutsamwa chimanga. Atapukuta misozi n'kuona kuti mnzakeyo sakuseka, kuseka kunathera pakhosi. Anatulutsa foni yake n'kumuonetsa uthenga uja. Kumapeto kunali mitima yofiirira itatu.

"Itatu," anatero Eneles pang'onopang'ono. "Kwathu kwafika mabokosi asanu ndi limodzi, ndendende anthu a m'nyumba mwathu. Enawo wawonjeza ndani?"

"Asanu ndi limodzi?" Gregório anadzimenya pachipumi. "Mayo ine! Kambudzi! Ndinaiwala kuti nambala unandipatsa ija ndi ya kafoni kakale. Ene, ine ntchito yanga ndi imeneyi. Tsiku ndi tsiku ndimakalipira anthu kuofesi kuti asamaike tizithunzi m'mauthenga a makasitomala, poti ena ali ndi mafoni akale. Lero ndagwa m'dzenje lokumba ndekha."

"Sindikufuna kulapa kwako. Ndikufuna kumva."

Gregório anatola pepala limene anakulungira chimanga, n'kusolola cholembera.

"Foni situmiza zilembo. Netiweki sidziwa A, sidziwa mtima. Ukalemba chilichonse, foni imayamba yachisandutsa timanambala, timatitcha mabayiti. Timanambala timeneto ndi timene timayenda. Foni ya uko ikatilandira imatisandutsanso zilembo kuti munthu awerenge. Wamva?"

"Pitiriza."

"Mu uthenga ngati uwu, chilembo chilichonse chimayenda ndi manambala awiri. Koma mtima ndi wonenepa, umafuna anayi." Analemba: 216, 61, 220, 150. "Uwu ndi mtima umodzi. Tsono kambudzi ka amayi kanapangidwa mitima isanalowe m'mafoni, kamangodziwa kuwerenga awiriawiri. Katenga awiri oyamba, sikakuwadziwa, kajambula bokosi kusonyeza kuti apa pali chinthu chimene sindikuchidziwa. Katenga awiri enawo, bokosi linanso."

Eneles anayang'ana pepalalo. Anali telala, zodula ndi kulumikiza ankazidziwa.

"Ndiye mtima uliwonse kanaudula pakati. Itatu kudula pawiri, asanu ndi limodzi."

"Basi! Ukanakhala iwe abwana anga, bwenzi ndikunenepa."

Eneles anamva chimwala chikuchoka pamtima, ndipo anachita manyazi kuti usiku wonse anamukayikira. Anamulanda chimanga n'kuluma, poti kupepesa ndi pakamwa sinali mbali yake.

"Koma amayi sangamve za manambala," anatero akutafuna. "Ukawaonetsa foni yakoyi anena kuti wasintha."

"Sitiwaonetsa yanga. Manambala aja akadali m'kambudzimo. Sikakuwamvetsa, koma sikanawataye. Wina akangotumiza uthenga womwewo kuchokera m'kambudzi kupita ku foni yamakono, mitima ibwerera. Chachikulu asaufufute."

"Lachisanu akukatentha foni yonse."

"Ndiye mawa ndibwera. Tipeze foni ya munthu amene amayi amamukhulupirira."

Eneles anamwetulira koyamba chiyambire dzulo. "Ameneyo ndikumudziwa."

Akusiyana, Gregório anamugwira dzanja, nkhope itasintha.

"Chimodzi chokha, Ene. Nkhaniyi isafike kwa azakhali. Anakulira mu kampu ya othawa nkhondo, akutchedwa maina onse oipa. Chipongwe china amaseka, koma munthu akatchula banja lathu za ufiti, amatseka chitseko. Anatsekera mlongo wawo weniweni, zaka khumi ndi ziwiri tsopano sanalankhulane."

"Sifika," anatero Eneles. Ananena ndi mtima wonse, ataiwala kuti galimoto ya Courage imatsitsa anthu ku Mbare kasanu ndi kawiri pa tsiku.

* * *

Lachinayi dzuwa litapendeka, Gregório anafika atavala shati yoyera. Sanalowe. Mnyamata amene ankhoswe ake sanafike saponda pabwalo la apongozi, ndiye anaima kunja kwa geti, manja kumbuyo ngati mwana wasukulu wochedwa. Bambo Chikuse anaona zimenezo, ndipo Eneles anawaona akugwedeza mutu pang'ono. Anawatulutsira mpando pansi pa mtengo wa mapeyala. Mayi Febbie anakhala pakhonde atapereka msana ku geti. Courage anali akutsitsa zigubu, ndipo tsiku limenelo zigubu zinkatsika mochedwa kwambiri.

"Mwaswera bwanji, bambo?" anatero Gregório akuwomba m'manja mwaulemu.

"Taswera. Mabokosi ako tawalandira. Lankhula."

Gregório anafotokoza monga anachitira pansi pa jakaranda. Atafika pa manambala anayi aja, mayi Febbie anatsonya.

"Mukumva, bambo a Eneles? Maliro akuwasandutsa masamu."

Koma bambo Chikuse anali atavula magalasi.

"Ima kaye, mnyamata. Ukuti chimene chimayenda si chilembo?"

"Ayi, bambo. Ndi manambala okhaokha."

"Ine ndili mnyamata ndinali mesenjala pa kampani ina ku Graniteside komweko. Munali makina a telekisi. Mayi wina ankataipa mawu, koma chotuluka chinali kariboni ka pepala kobooka timabowo. Timabowo tokhatokha! Ndinamufunsa kuti mawu apita kuti, iye n'kuti mawu ndi mabowowo, makina a ku Bulawayo akawawerenga. Tsiku lina makina a uko anasokonezeka, oda ya mabawuti inatuluka zopanda mutu. Palibe anati kwabwera mfiti." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Eneles, bweretsa mbale ija."

Anatulutsa kambudzi mumchere ndi dzanja lawo, n'kukapukuta pa buluku. Mayi Febbie anatseka maso n'kuyamba kapemphero.

"Ukuti ndikatumiza uthengawu ku foni yatsopano, zituluka zina?"

"Mitima itatu, bambo. Ikapanda kutuluka, ndichoka pano ndipo simudzandionanso."

Mtima wa Eneles unagunda ngati makina osokera. Bwanji ngati kambudzi kanataya manambala aja? Chibwenzi cha zaka ziwiri chinali m'manja mwa kafoni kokhala ndi labala pa batire.

"Foni yako ayi," anatero bambo Chikuse. "Tipeze ya munthu wapadera."

"Ya achimwene a Courage ilipo, bambo," anatero Eneles mokoma ngati uchi. "Ndi yatsopano. Komanso amayi amawakhulupirira."

"Ah, baba, yanga batire latha," anatero Courage msangamsanga.

"Nambala yako ili m'kambudzi muno," anayankha mkuluyo, akudina mabatani ndi chala chimodzi. "Tiyese. Ikakhala yozima, singalire."

Inalira. Inalira m'thumba la Courage ndi kanyimbo ka kwaya, mokweza mpaka mwana wa Tanaka anadzuka m'nyumba.

"Yauka kwa akufa," anatero bambo Chikuse. "Tiwerengere, mwanangu. Mokweza, iwe ndiwe wa kwaya."

Courage anatulutsa foniyo ngati akutulutsa khala la moto. "Eneles, Loweruka layandikira. Konzekani nonse. G."

"Kumapetoko?"

"Pali... tizithunzi."

"Ta chiyani?"

"Ta mitima."

"Ingati?"

"Itatu."

Mayi Febbie anaiwala kuti apereka msana. Anadzambatuka, n'kumulanda Courage foniyo, n'kuiyandikiza kumaso. Anayang'ana foni ya Courage, anayang'ana kambudzi, anayang'ananso foni ya Courage. Kenako anaphulika kuseka, kuseka kwa munthu amene manyazi amukwana.

"Mchere wanga wonse uja! Courage, iwe ndi foni yako yonseyi sunadziwe?"

"Ndimafuna kunena, amai, koma..."

"Koma zigubu zinakulemera," anamumalizira Eneles.

Courage anati ali ndi anthu omudikira ku Mbudzi. Analowa m'galimoto, n'kuiwala chigubu chimodzi ndi ulemu wake pomwepo.

Bambo Chikuse anavalanso magalasi n'kumuyang'ana Gregório kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mlandu wa mabokosi watha. Watsala wina. Iwe mnyamata, wayamba liti kutumiza mitima pa foni ya mkazi wanga? Ine zaka makumi anayi sindinamutumizirepo ngakhale umodzi."

"N'chifukwa chake sindinaizindikire," anatero mayi Febbie, ndipo pabwalo ponse panagwa phwete. Ngakhale Gregório anaseka, ataphimba pakamwa.

"Loweruka, teni koloko," anatero mkuluyo atatha kuseka. "Ukawauze azakhali ako kuti pabwalo tasesa. Koma mawu anga aja sanasinthe. Akalephera Loweruka, basi."

"Salephera, bambo. Zitenje anasita kale."

Eneles anafuna kuvina. Anangoyang'ana pansi monga mwana wamwambo, koma zala za kumapazi zinkavina m'silipasi.

* * *

Gregório akutsanzika, kambudzi kanalira m'manja mwa mayi Febbie. Nambala imeneyi ndi imene Eneles anapereka kwa achibale a mnyamatayo foni yake itamira.

"Eneles, tandiwerengera. Maso angawa."

Eneles anawerenga mokweza: "Za mabokosi tazimva ku Mbare, ndi dzina limene mwatipatsa talimva. Conceição."

"Taona, kumapeto kuli timabokosi tiwiri!" anatero mayi Febbie mokondwa, akuloza ndi chala. "Tiwiri, ndiye kuti mtima umodzi. Mwaona, bambo a Eneles? Nane sukulu ndalowa. Asewere anga anditumizira mtima. Tumiza kwa mwanayo tiuone."

Eneles sanakondwe nawo. Mawu akuti dzina limene mwatipatsa anamulowa ngati singano. Anadina mabatani, ndipo foni ya Gregório inalira kunja kwa geti.

Gregório anayang'ana. Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. Anangotambasula dzanja pamwamba pa geti kuti Eneles aone yekha.

Sunali mtima. Manambala anayi aja, atalumikizana, anatulutsa kachithunzi ka chitseko chotseka.

"Nanga bwanji?" anafunsa mayi Febbie akadamwetulira. "Ndi wofiira kapena wapinki?"

Eneles anatembenuka. Bambo ake anali atanyamula kale mpando wawo, akulowa m'nyumba akuimba kanyimbo kapansipansi, ndipo pakhomo anaima n'kuuza Tanaka kuti mawa akabwereke mipando khumi kutchalitchi, ya alendo a Loweruka.